Chipata Chosadziwa Malume

Accra, 4 Ogasiti

Achimwene Oduro,

Moni ndikupatsani pambuyo. Choyamba mundiyankhe funso ili: kodi ndani anaika lamulo loti munthu wamkazi asalowe pachipata chachikulu cha bwalo la mpira timu isanalowe? Linalembedwa m'buku liti? Ku Akroboso konseko, kuyambira abusa mpaka aphunzitsi ngati inuyo, palibe amene amafunsa. Akuti mkazi akatsogola mankhwala a timu amasukuluka. Ine ndatha zaka zinayi ku yunivesite, sindinapeze tsamba ndi limodzi lomwe lonena kuti phazi la mayi wogulitsa mpunga limagoletsa chigoli.

Tsopano moni. Muli bwanji inu, alamu anga ndi ana? Amayi akupeza bwanji ndi bondo lija? Ine ndili bwino, koma ndili ndi nkhani yoti pafoni ingaonongeke, n'chifukwa chake ndapatsira dalaivala wa basi ya Loweruka.

Mukulikumbukira tsiku lija, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, masewero omaliza a ligi. Mvula inagwa kuyambira m'mawa, kachipata kakumbuyo ka ogulitsa malonda kanasanduka dambo. Amayi, mphika wa waakye, mpunga wa nyemba uja, uli pamutu, anaona kuti akaponda m'matopemo agwa, ndiye analowera pachipata chachikulu basi ya timu yathu ya Zinkhanira isanafike. Tinagonja chimodzi kwa duu, timu inatuluka mu ligi yaikulu. Malume Apraku, mkulu wa masapota, mlongo wawo wa bere limodzi, anaukankha ndi phazi mphikawo amayi atangoutula, anthu onse akuona, nalamula kuti Dufie, amayi athu, asadzapondenso m'bwalomo. Zaka makumi awiri zogulitsa pamalo amodzi zinathera m'matope. Ine ndinagwada n'kumatola mpunga ndi nyemba ngati zidzadyedwanso. Inu munali chapafupi, ng'oma m'khwapa, ndipo munayang'ana kumbali.

Nkhani yanga nayi. Popeza Zinkhanira zabwereranso mu ligi yaikulu, bwalo lathu liyenera kutsata lamulo latsopano: zipata za makina. Tikiti izigulidwa pafoni, uonetse foniyo pakagalasi, nyali ikayaka yobiriwira chitsulo chizungulire, ulowe. Kampani imene ndikugwirako ntchito ndiyo yapatsidwa mabwalo a chigawo chathu. Abwana atafunsa woti atenge Akroboso, ndinakweza dzanja asanamalize kulankhula.

Achimwene, makina alibe malume. Sadziwa nkhope, salemekeza imvi. Zolowa ulere chifukwa unaimba ng'oma timu ikubadwa zatha. Bwalo la mawa ndi la munthu amene wagula mpando wake, wamkazi kaya wamwamuna, ndipo alowe nthawi imene wafuna. Dziko likuthamanga, ife tikadali kuopa mapazi a amayi athu.

Mundiuze zinthu ziwiri. Ndi angati amene amalowa ndi nkhope masiku ano? Nanga malume amafika pachipata nthawi yanji? Ndikufuna kudziwa ola lake lenileni.

Ndine mlongo wanu,
Konadu

Akroboso, 15 Ogasiti

Konadu mlongo wanga,

Kalata yako inanditentha zala ndisanaitsegule. Tonse tili bwino. Bondo la amayi limadziwa za mvula kuposa a zanyengo a pawailesi. Iwe ukugona bwanji ndi moto wonsewo m'chifuwa?

Funso lako ndinapita nalo kwa madala atatu. Woyamba anati lamulolo linabwera ndi mphunzitsi wina wa timu wochokera kumpoto. Wachiwiri anati ndi la makolo. Wachitatu anandifunsa ngati ndakhuta kwambiri. Ine ndimaphunzitsa masamu, ndikudziwa kuti phazi la amayi silinagoletse. Anagoletsa ndi goloboyi wathu uja amene ankagwira mpira ngati wagwira chilazi chochokera pamoto. Koma tsiku lija bwalo lonse linkafuna munthu woti limudye, ndipo ine ndinachita mantha. Ndinayang'ana kumbali, inde. Usaganize kuti ndinaiwala.

Nkhani ya makina yafika kale kuno, koma yafika mozondoka. Malume akuuza aliyense pa siteji ya basi kuti mwana wa mlongo wawo wakhala bwana wa zipata za Ghana yense, ndipo wasankha Akroboso pofuna kuwalemekeza iwowo. Ndinayesa kuwauza kuti afatse. Anandiyankha kuti nsanje ya pachibale ndi yoipa kuposa ya adani.

Olowa ndi nkhope ndi ambiri kuposa mmene ukuganizira. Oimba ng'oma tilipo makumi anayi, ine ndili momwemo. Pali madala amene anaumba njerwa za khoma la bwalolo ndi manja awo. Ndiye pali alimi a koko, amene amatsika kumidzi Lamulungu n'kulipira pachipata ndi zimene zili m'thumba. Mafoni awo ndi aja ongoimbira ndi kuunikira njira. Makina ako adzawatani? Khoswe ukumufunayo ndi mmodzi, nkhokwe ndi ya tonse.

Amayi sindinawawerengere kalata yonse. Ndinangowauza kuti ukubweretsa zipata zosalola munthu wopanda foni yagalasi. Anati "oo", napitiriza kusankha nyemba. Patapita nthawi anandifunsa kuti ndibwereze, ndinabwereza, anatinso "oo". Akugulitsabe m'mbali mwa msewu, kumunsi kwa kaphiri kathu kakuseri kwa bwalo, pamalo amene agogo anawasiyira. Ogula ake ndi oyendetsa njinga zamoto asanu ndi agalu awiri. Anamanga mpanda wansungwi kuzungulira phiri lonse n'kuika chipata, chifukwa anthu ankawapondera chinangwa pofuna kuonera mpira ulere. Akufunsa ngati ukudya.

Malume amafika 2 koloko masana, anthu atachuluka, kuti awaone. Ndakuuza, koma mtima wanga sukukondwa.

Mlongo wako,
Oduro

Akroboso, 22 Ogasiti

Mwana wanga Konadu,

Ine malume ako Apraku, wapampando wa masapota a Zinkhanira kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndikupereka moni. Thupi lili bwino kupatula mawu, amene anasasa pa chikondwerero chokwera ligi ndipo sanabwererebe. Iwe uli bwanji ku Accra? Nanga bwanji nkhani yaikulu chotere ndikuimvera kwa madalaivala? Mwana akapha nyama amayamba waonetsa malume ake.

Ndanyadira. Ndinkanena ine uli wamng'ono kuti mutu uwu ndi wa mbali yathu. Tsopano tamvera zofunika. Makina akowo uwauze kuti pali anthu makumi anayi a ng'oma amene salipira ndalama, chifukwa amalipira ndi zikhatho ndi kukhosi. Timu yopanda ng'oma ndi maliro. Uwauzenso lamulo lathu, mkazi asadutse basi ya timu isanalowe. Ngati amatha kuwerenga foni, sangalephere kusiyanitsa mpango ndi chipewa. Asanayambe ntchito ndidzabwera ndi botolo la mowa kudzathira pansi kuti makolo awadziwe, pakuti chitsulo chachilendo sichingoima pakhomo pa eni osapereka moni.

Za mayi ako zija, ndikudziwa kuti unali mwana ndipo unalira. Koma ukule. Tsiku lija anthu anali atatola kale miyala. Ndikanapanda kukankha mphika, akanakankha mwini mphika. Ndinachita zimene mpando unafuna, ndipo sindinapepese chifukwa sindinalakwe. Dufie akudziwa.

Woyamba kudutsa pa makinawo ndikhale ine. Kente yatsopano, nsalu yathu yaulemu ija, ndagula kale. Undiyankhe msanga.

Malume ako,
Apraku, Wapampando

Accra, 29 Ogasiti

Malume,

Moni, ndipo ndathokoza chifukwa cha kalata yanu. Ndaiwerenga kawiri, makamaka pamene mwati simunalakwe. Bwerani ndithu pa 14 Sepitembala. Muvale kente yatsopanoyo, mufike nthawi yanu ya masiku onse, anthu atachuluka. Chipata chidzakupatsani ulemu umene mukuyenera.

Konadu

Accra, 29 Ogasiti

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Bondo likuti chiyani? Ndikudziwa kuti simufuna zolankhula pafoni, mumati mphepo imamva, ndiye alamu akuwerengereni iyi pang'onopang'ono.

M'kati mwa kalatayi muli pepala lolimba lokhala ndi timadontho takuda. Imeneyo ndi tikiti, ndakusindikizirani chifukwa mulibe foni yake. Muone nambala ili pamwambapo. Ndi nambala wani. Tikiti yoyamba m'mbiri ya zipata zatsopano za Akroboso ndi ya inuyo amayi, Maame Dufie.

Pa 14 muvale nsalu yanu yoyera ija ya kutchalitchi. Mufike masana dzuwa lili paliwombo, basi ya timu isanaganize n'komwe zonyamuka. Mupite pachipata chachikulu, chomwe chija, muonetse pepalalo pakagalasi. Palibe amene adzakugwireni. Mpando wanu uli pamthunzi, mzere wapatsogolo, pamene ankakhala wapampando. Malume ndawauza kuti abwere, koma za kugula tikiti sindinawauze. Sanafunse.

Ine sindidzakhalapo. Abwana akuti tsiku loyamba tonse tikhale mu ofesi muno tikuyang'anira mabwalo asanu ndi limodzi pa makanema. Ndinatsutsa, koma ndine watsopano. Komabe pachipata pali kamera, ndipo ndidzakhala ndikukuonani. Muyende pang'onopang'ono, amayi. Ndadikira zaka zisanu ndi chimodzi, musandithamangire.

Mundilembere zonse.

Mwana wanu,
Konadu

Accra, 16 Sepitembala

Achimwene Oduro,

Moni, ngakhale inu mwasankha kukhala osalankhula. Ndakuimbirani kambirimbiri kuyambira Lamulungu. Foni ikulira, simukuyankha. Kunyumba kuli bwanji? Amayi ali kuti?

Ndiyambe ndi chokoma. Ndinawaona. Anafika 2 koloko monga munanenera, kente paphewa, botolo m'manja, ng'oma makumi anayi pambuyo. Anathira mowa pansi, analankhula ndi makolo nthawi yaitali, kenako anakankha chitsulo ndi mimba. Nyali inayaka yofiira. Anakankhanso. Kamera yathu ilibe mawu, koma milomo yawo ndinaiwerenga bwinobwino, ankafunsa mlonda ngati akuwadziwa. Mlondayo tinamutenga ku Tamale, sawadziwa. Nthawi yomweyo panafika atsikana awiri a ku sukulu ya unamwino, anaonetsa mafoni, nyali yobiriwira, analowa, basi ya timu isanaoneke. Malume anachita kupatuka kuti atsikanawo adutse. Kanemayo ndamubwereza kakhumi ndi kawiri. Ndipo tinapambana ziwiri kwa chimodzi. Lamulo lija lifotokoze.

Koma tikiti nambala wani sinadutse. Ndinayang'ana chipata kuyambira m'mawa mpaka mluzu womaliza. Amayi sanabwere. M'bwalo la anthu zikwi zisanu ndi zinayi munalowa anthu mazana anayi, moti a kanema anachita kuika phokoso lojambula kuti oonera kunyumba asaganize kuti ndi maliro. Abwana ankandiyang'ana ngati ndine ndadya anthuwo.

Kenako, chapakati pa theka lachiwiri, kamera ya a kanema inatembenukira kum'mawa, ndipo ndinaona kumene anapita. Phiri la amayi linali bii ndi anthu. Chinangwa palibe. Ng'oma zanu zili pamwamba, ndipo pakati pake paima kente yatsopano. Ndinamvetsa zonse. Atakanidwa pachipata anapita kukathyola mpanda wa mlongo wawo, chifukwa iwo ndi mutu wa banja ndipo malo a banja ndi awo akafuna. Anawathamangitsa m'bwalo, tsopano awalanda ndi phiri lomwe. N'chifukwa chake amayi sanabwere, ankalondera munda wawo. N'chifukwa chake inu simukuyankha. Mwayang'ananso kumbali.

Sindinalire ulendo uno. Dzulo m'mawa ndinalembera abwana kuti anthu sakugula matikiti chifukwa akuonera ulere paphiri, ndipo mankhwala ake ndi kukweza khoma la kum'mawa ndi zikwangwani zamalata zoitanira malonda, zitalizitali, kuchokera kugolo kufika kugolo. Abwana anaimirira n'kundigwira chanza, akuti maganizo otere ndi amene amakweza munthu. Asaina lero.

Muwauze malume kuti asangalale ndi phirilo masabata atatu. Pambuyo pake aziimbira ng'oma malata.

Dengu la amayi dalaivala wandipatsa lero. Muwathokozere.

Konadu

Akroboso, 6 Okutobala

Konadu,

Moni. Tili moyo.

Foni sindinkayankha chifukwa ndinakanidwa pachipata ana anga a sukulu akuona, ndipo ndikanayankha ndikanakutukwana. Kalata yako ya pa 16 ndinaiponya m'kabati osatsegula. Ndaitsegula dzulo, nditaona anthu akukumba maenje kukhoma la kum'mawa n'kumatchula dzina lako. Lero ndakuimbira kanayi, tsopano ndiwe amene wafufuma. Tinabadwa m'mimba imodzi ndithu.

Iwe wa madigiri iwe, unaona kente paphiri n'kulemba buku lonse. Kodi dengu lija unalitsegula? Amayi akuti m'menemo muli kalata yawo, pansi pa gari, ufa wachinangwa wokazinga uja. Ndikuona kuti ukumadyera m'misewu ngati wopanda kwawo. Tsegula dengu, uwerenge, kenako uone chochita ndi malata akowa. Mizati yayamba kale kuima.

Oduro

Akroboso, 15 Sepitembala

Konadu mwana wanga,

Akundilembera ndi mkazi wa Oduro. Ndamuuza alembe mmene ndikulankhuliramu, asakometse. Ndili bwino, bondo lilipo. Iwe ukudya? Kalatayi ndaiika pansi pa gari chifukwa dalaivala uja amawerenga za eni. Ukamadya monga munthu uipeza pofika Lachisanu.

Tikiti yako ndinailandira, ndaisunga m'Baibulo. Sindinapite. Kodi unkaganiza kuti zaka zonsezi ndimalirira mpando? Ine m'bwalo muja sindinaonerepo mpira ngakhale tsiku limodzi. Msana wanga unkaloza kwa osewera, maso kwa anthu. Chimene anandilanda Apraku ndi anthu. Ndiye ndikakhale ndekha pakati pa mipando ngati kadzidzi, mu nsalu ya kutchalitchi?

Tsiku limene Oduro anandiuza kuti makina salola wopanda foni yagalasi, ndinadziwa kuti Akroboso yense atsala panja. Munthu wotsala panja amafuna pokwera, ndipo pokwera ndi panga. Lachinayi ndinazula chinangwa. Loweruka ndinaviika nyemba zambiri. Lamulungu ndinaphika mu mphika waukulu uja, womwe uja, wopindika m'mbali momwe linaponda phazi lake. Ndinauika kumunsi kwa phiri, ndinatseka chipata changa chansungwi, ndinakhala pampando n'kumadikira.

Anabwera ngati linthumbu. Patsogolo Apraku, kente itakwinyika, thukuta lili kamukamu.

Anati, "Dufie mlongo wanga, tsegula, mpira wayamba."

Ndinati, "Pepani bambo, sindikukudziwani. Mlongo wanga anatayika tsiku la mvula."

Ena anaseka, ena anayamba kundichonderera, Maame chonde, Maame tikhululukireni, mluzu ukumveka kuseri kwa khoma. Ndinawauza kuti chipata chilichonse chili ndi lamulo lake, ndipo la pano ndi ili: umayamba kulowa ndi mphika, kenako akazi, kenako ena onse. Ndinawauzanso kuti bondo langa silingakweze mphika paphiri. Ausenze amene anaugwetsa.

Anayang'ana anthu ake kuti amulankhulire. Anthu ake omwe aja, amene akuti anatola miyala, ndi amene anamuuza kuti wapampando senzani, tikuchedwa. Mmodzi anamugwirira botolo. Ndinavula mpango wanga n'kumupindira nkhata ndi manja angawa.

Anasenza, Konadu. Anakwera phiri lonse, msuzi ukutsikira m'khosi mpaka pa kente, ine pambuyo pake ndi ndodo, akazi pambuyo panga, ng'oma kumapeto. Ndinayenda pang'onopang'ono monga unandiuzira. Atautula anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana. Ndinamupakulira mbale yoyamba, ndipo analipira ngati wina aliyense.

Sanapepese, ndipo sindikufunanso. Kupepesa ndi kwa tsiku limodzi. Masewero apakhomo atsala khumi ndi asanu ndi limodzi chaka chino, ndipo lamulo ndi lomwelo. Waakye anatha theka loyamba lisanathe. Alimi a ku Nkwanta amene sindinawaone zaka zonsezi anandizindikira, wina wabwera ndi mwana amene ndinkamupatsa makoko a pansi pa mphika, pano ali ndi ndevu. Anthu anavina paphiri pano kuposa mmene ankavinira m'bwalo, chifukwa palibe wowauza pokhala.

Makina akowo agwira ntchito yabwino, mwana wanga. Uwasiye momwemo, usakhudzenso kanthu. Udye.

Ndine mayi ako,
Dufie

Accra, 21 Okutobala

Malume Apraku,

Moni. Ndamva kuti mawu anu anabwerera ndipo khosi likulimba. Ndikulembera inuyo chifukwa amayi ndalankhula nawo kale. Anagwira foni ya Oduro koyamba m'moyo wawo kuti andikalipire bwino, ndipo zimene anandiuza si zolemba papepala.

Mukudziwa kale kuti malata aja ndinaitanitsa ndine. Kalata ya amayi inakhala masabata atatu pansi pa gari pakona ya chipinda changa, ine ndikudya za m'misewu n'kumakonza zokuchititsani khungu. Nditaiwerenga ndinapita kwa abwana kukapempha kuti ntchitoyo iime. Anandiuza kuti mapepala anasainidwa, ndipo ndisachite manyazi ndi nzeru zanga.

Ndiye ndinawadumpha, ndinapita kwa a kanema. Iwo anali ndi vuto lawo. Phokoso lojambula lija linkakuwa chigoli mpira uli panja, ndipo oonera ankawaseka. Ndinawaonetsa zimene Oduro anajambula paphiri: ng'oma, akazi akuvina, ndi mkulu wina wa kente akukwera ndi mphika pamutu. Mkulu wawo anaonera kawiri, kenako anandifunsa kuti bambo wa mphikayo amamulemba ganyu ndani. Ndinati amachita mwa chikondi. Tsiku lomwelo anaimbira akuluakulu a ligi kuti phirilo likabisika, makamera awo sadzapondanso ku Akroboso, chifukwa palibe amene amatsegula kanema kuti aonere mipando.

Ntchito inaima Lachisanu. Koma zikwangwani zinayi zinali zitakhomedwa kale, ndipo akuti sazichotsa. Golo la kumwera silikuonekanso kuchokera paphiri. Limenelo ndi dzanja langa, ndikuvomera. Nthawi zonse mpira ukalowa kuseri kwa malatawo, anthu n'kumadikira kuti a m'kati awauze ngati chalowa, azitchula dzina langa, ndipo akhala akulondola. Dzulo abwana anandiitana n'kundiuza kuti wodumpha mutu wa bwana wake akafune bwana wina. Ndinasiya makiyi patebulo.

Musaganize kuti ndalapa. Lamulo lanu lafa. Akazi atsogola masewero atatu, pachipata cha makina ndi pachipata chansungwi pomwe, ndipo Zinkhanira sizinagonje pakhomo. Cholakwa changa n'choti ndinaika chipata cha anthu a ku Accra m'tauni ya alimi a koko. Chimenecho ndichikonza. Ndayamba kale kulemba za matikiti apepala oti azigulidwa kumsika, ndipo ndimupeza woti andimvere, kaya chaka chino kaya chamawa. Bwalo limenelo ndidzalidzaza ine. Tsiku limenelo mphika wa amayi udzalowera pachipata chachikulu basi ya timu isanafike, ndipo mukudziwa mutu umene udzakhalepo.

Mwina n'zoona kuti miyala inali itatoledwa. Ndaziganizira zimenezo kuposa mmene ndikanafunira. Koma munali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zoti mupite kumunsi kwa phiri lija, kumene mlongo wanu ankagulitsira agalu, n'kunena mawu amodzi. Munadikira mpaka chitsulo chikukaneni.

Choncho musandithokoze za phiri. Sindinalipulumutse kuti muzionerapo mpira. Ndinalipulumutsa kuti muzilikwera.

Amayi akuti mphika ukumatha theka loyamba lisanathe, anthu akumabwerera ndi njala. Nditatuluka mu ofesi dzulo sindinapite kunyumba. Ndinakwera minibasi mpaka kumsika wa Makola, ndinayenda mzere wonse wa ogulitsa miphika, ndinasankha waukulu kuposa yonse, wa makutu anayi, umene amuna awiri anachita kuthandizana pounyamula. Ndaupereka kwa dalaivala pamodzi ndi kalatayi. Nkhata ndaika m'kati.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Konadu